Khutu Langa ndi Mita ya Amuna Anga

Tinafika kunyanja ku Salima chapakati pa zaka za m'ma 1970, titakhala pamwamba pa katundu wathu pa lole ya boma. Amuna anga anawatumiza kumeneko kuti azikasamala mawailesi otumizira mauthenga ndi mainjini a maboti a ofesi yoona za usodzi. Tonse awiri kwathu ndi kumapiri a ku Dedza, kumene munthu umafunda mabulangete awiri ndipo m'mawa madzi amaluma zala. Kunyanja tinapeza kutentha kwina. Mpando ukaukhalira unkakhala ngati munthu wangonyamukapo kumene.

Anatipatsa nyumba ya malata kumapeto kwa mudzi wa asodzi, kuseri kwa migwalangwa. Ana tinalibe. Tinali titakhala m'banja zaka zingapo, tinayenda m'zipatala ndi kwina kumene anthu ankatilozera, koma sizinatheke. Amayi a m'mudzimo sanali oipa mtima. Moni ankandipatsa bwinobwino, kungoti funso lotsatira linkakhala lomwelomwelo: "Nanga ana mwawasiya kumudzi?" Ndikati kulibe, ankangoti "Oo, pepani," nkhani n'kuthera pomwepo. Iwo anali ndi zawo zowatangwanitsa, kuyanika usipa, kuwamba utaka, kulimbana ndi ogula ochokera ku Lilongwe. Ine nsomba ndinkangodziwa kuphika. Ndikaima pafupi ndi mathandala awo oyanikira nsomba ndinkaona ngati ndikuwatchinga mphepo, ndiye ndinkabwerera kunyumba kukasesa pamene ndasesa kale.

Amuna anga ankachokachoka. Usodzi ukatsegulidwa ku Mbenji ankapita pa boti n'kukakhala komweko masiku ambiri, ndipo kuchilumbako akazi safikako. Ngakhale akakhala pakhomo, sanali munthu wa nkhani. Ankatha kudya, kusamba m'manja, kuthokoza, osanenanso china mpaka dzuwa kupendeka. Sikuti tinkadana ayi. Kungoti m'nyumba yopanda mwana nkhani zimatha msanga.

Loweruka lina anabwera akukankha njinga, pa kaliyala atamangapo chinthu chokutidwa ndi chiguduli. Inali gumbagumba. Anaigula kwa bambo wina wa ku Maganga amene anabwera nayo kuchokera kumigodi ya ku Joni, pamodzi ndi mulu wa mbale zake, mbale zakuda zija za nyimbo zimene zimazungulira singano ikuyenda pamwamba. Munali rumba ya ku Zaire, munali nyimbo za zitoliro za ku Joni, munalinso mbale zingapo za makwaya. Magetsi kunalibe, ndiye anailumikiza ku batire la galimoto limene ankakalitchaja kuntchito kwawo.

"Muzimvako mawu a anthu ine ndikachoka," anatero, n'kupita kukasamba.

Vuto linali sipika. Inali kakang'ono ka m'chivundikiro, kolira ngati udzudzu wagwera m'chitini. Amuna anga anakagula ina yaikulu kwa wokonza mawailesi ku boma, koma inali yopanda bokosi, ndipo ukaiika patebulo mawu ake ankatuluka opepuka, opanda thupi. Anati adzaikonzera nyumba yake akabwerako ku Mbenji, n'kunyamuka.

Iwo ali komweko, ndinapita kudoko kukagula mchere. Pa golosale ina pamenepo pankalira wailesi, ndipo besi yake ndinaimva m'chifuwa ndisanafike n'komwe pakhonde. Nditasuzumira ndinaona kuti mwini golosaleyo wavundikira sipika pakamwa pa mtsuko, mtsuko wamba wotungira madzi. Sindinafunse munthu. Mawa lake ndinagula mtsuko waukulu kwa amayi oumba mbiya, ndinapota nsanza ngati nkhata n'kuiika pakamwa pake, sipika ija n'kuikhazika pamwamba itayang'ana kudenga. Nditaika mbale ya rumba ndinangokhala pansi. Nyumba ija, imene chifikireni inkangomveka kuthetheka kwa malata, inadzaza. Ndinavina ndekha pabalaza dzuwa likuswa mtengo, chitseko chili chotseka.

Amuna anga atabwera anaima pakhomo chikwama chikadali paphewa.

"Mayi, ichi ndiye chiyaninso?"

"Tamverani kaye, bambo."

Anamvetsera mpaka nyimbo inatha. Ine ndinkadikira kuyamikiridwa.

"Amene akuimba apa ndi mtsuko," anatero. "Woimba uja mwamutsekera m'kati."

Tsiku limenelo anayankhula mawu ambiri kuposa amene ankayankhula mwezi wathunthu. Anatenga botolo lopanda kanthu n'kuuzira mpweya pakamwa pake, linalira kuti huu. Anati mtsuko nawonso uli ndi liwu lakelake limodzi ngati botololo, ndipo nyimbo iliyonse ikadutsapo umathirapo liwu limenelo, kaya woimba analifuna kaya sanalifune. Ine ndinati ngati mtsuko ukuthira zokoma, uzithira. Iwo anati ndiye kuti ndimakonda mtsuko, osati nyimbo. Ndiwo zinapserera pamoto tikukangana.

Anali ndi buku la maphunziro a zamagetsi amene anachita kudzera pa positi akadali mnyamata. M'menemo munali zithunzi za mabokosi a masipika ndi miyeso yake. Anagula sipika yachiwiri yofanana ndi yoyamba ija, kuti pasakhale chonamizira, n'kupita ndi bukulo kwa mmisiri wina wokhoma maboti, Msilamu wansangala wa ndevu za imvi amene ankakhala kufupi ndi doko. Anagwirizana za matabwa a mlombwa. Amuna anga ankaima pambali ndi rula, mmisiri akati adule apa, iwo ayi, sunthani pang'ono. Mmisiriyo anadzandiuza pambuyo pake kuti chikhomereni maboti oyenda pa mphepo ya mwera, palibe limene linamutulutsa thukuta ngati kabokosi kameneko. M'kati anayalamo thonje, ming'alu yonse anamata ndi phula lomatira maboti.

Bokosilo linali lokongola, sindingakane. Linkatulutsanso zinthu zimene mtsuko unkabisa: gitala wachiwiri kumbuyo, munthu wogogoda botolo, mpweya umene woimba amakoka asanayambe mzere. Koma kwa ine mawu ake anali ouma.

"Likuyankhula ngati munthu wovala tayi," ndinawauza.

"Likungonena zimene zili m'mbalemo," anayankha, "osawonjezera mafuta."

Kenaka anatulutsa mita yawo. Kanali kabokosi kakuda ka galasi kutsogolo, m'kati muli kamuvi kopyapyala, kunja mawaya awiri, wofiira ndi wakuda. Ankaisunga m'nsalu yakeyake, ndipo ngakhale ine sindinkaloledwa kuipukuta fumbi. Kuntchito anabwereka maikolofoni ndi kamakina koliza mluzu, kuyambira liwu lonenepa ngati la ng'ombe mpaka lowonda ngati la nyenje. Anaika maikolofoni patsogolo pa mtsuko, n'kumakweza mluzu pang'onopang'ono. Kamuvi kanagona, kenaka pa liwu lina kanalumpha kukagunda kumapeto, makapu a m'kabati n'kuyamba kunjenjemera, kenaka kanagwanso. Atasamukira pa bokosi, kamuvi kankayenda mofatsa, kukwera pang'ono, kutsika pang'ono.

"Mwaona?" anafunsa.

"Ndaona. Koma nyimbo ya mluzuyi anavinapo ndani?"

Mfundo yawo yaikulu inali yakuti khutu ndi labodza. Ankati munthu akadwala malungo ngakhale shuga amawawa, ndiye chasintha ndi shuga kapena lilime? Khutu ndi chimodzimodzi. Likasangalala ngakhale chitini chimakoma, likatopa kwaya yabwino imasokosa. Mita ilibe malungo, ilibe tsiku loipa, sidziwa kuti mtsukowu anagula ndi ndani. Ine ndinkati ndakhala ndikuimba mawu achiwiri m'kwaya kuyambira ndili mtsikana, munthu akatsika pang'ono pokha ndimamva msana kuzizira, ndipo palibe anandipatsapo mita. Woimba amaimbira anthu. Ngati kamuvi kakhutira koma munthu wakhala miyendo ili phee, ndiye kuti china chake chasowa chimene kamuviko sikachidziwa.

"Chilichonse chimene chilipo chimayezeka," ankatero.

"Ndiye tayezani kukoma kwa chambo," ndinkatero.

Amene sanakhaleko masiku amenewo sangamvetse mmene mkanganowu unkakomera. Inali nthawi ya chipani chimodzi. Pamsika unkalowa khadi la chipani lili m'manja, ndipo usanatsutse chilichonse, ngakhale za feteleza, unkayamba wayang'ana amene ali kumbuyo kwako. Amuna anga, pokhala wa m'boma wogwira mawailesi, ankasamala pakamwa kuposa wina aliyense, ndipo mwina kusayankhula kwawo kunachokera kumeneko. Koma za mtsuko ndi bokosi tinkatsutsana mokweza, mawindo ali otsegula, aliyense n'kumuuza mnzake kuti "mwalakwa" mopanda mantha.

Phokosolo linafika kwa anansi. Pafupi nafe pankakhala bambo wina wachikulire, msodzi amenenso anali mkulu wa mpingo, ndi akazi awo, mayi wamtali wa mawu aakulu amene ankawamba nsomba. Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi, amuna anga anawaitana onse awiri pamodzi ndi mmisiri uja kuti adzakhale mboni. Aka kanali koyamba kuti alendo akhale pa mipando yathu. Anamanga chitenje changa pakona ya pabalaza, mtsuko ndi bokosi zili kuseri, iwo n'kukhala komweko kuti azisintha mawaya ife osaona.

Pa rumba sindinaphonye. Besi ikangoyamba ndinkati "mtsuko", kapena "bokosi", mmisiri n'kusuzumira kuseri, n'kugwedeza mutu kuti ndalondola. Ndinayamba kudzimva. Kenaka anaika mbale ya kwaya, nyimbo yofatsa ya amayi okhaokha. Mawu anatuluka ofunda, osalala, moti ndinatsinzina.

"Uwu ndiye mtsuko wanga," ndinatero. "Tamvani kukoma, abale. Bokosi lingachite zimenezi?"

Amuna anga anakoka chitenje. Mawaya anali pa bokosi.

Mayi wowamba nsomba uja anaseka mpaka kugwira nthiti. "Amayi inu," anatero, "mwasokoneza mwana wanu ndi wa eni pamaso pa anthu!" Atangotero anadzigwira pakamwa, pokumbukira kuti m'nyumba muno mulibe mwana. Onse anandiyang'ana. Woyamba kuseka ndinali ine, ndipo ndinaseka zenizeni, chifukwa chifikireni kunyanja palibe anandisekapo ngati mnzake. Onse ankangondimvera chisoni.

Ndinati tsopano akhale pampando ndi amuna anga, ine ndipite kuseri.

"Ine ndili ndi mita," anatero. "Sindifunika kulosera."

"Walahi, achimwene, mukuopa," anatero mmisiri.

Anakhala pampando, nkhope ili gwa ngati ali mu ofesi. Sanaphonye ngakhale kamodzi. Koma chitenjecho sichinkafika pansi, ndiye mapazi awo ndinkawaona. Ndikaika mawaya pa mtsuko, chala chachikulu cha phazi lawo chinkagunda simenti motsatira ng'oma. Ndikaika pa bokosi chinkangokhala phee. Ndinatuluka n'kuulula zimenezi pamaso pa mboni. Iwo anati inawaluma nyerere. Mkulu wa mpingo, atafunsidwa kuti agamule, anati iwo makutu awo anazolowera mafunde, zonse zikuwakomera, koma ngati n'kotheka tiikenso ya kwaya ija.

Mapeto ake amuna anga anaika swichi pakhoma, kumanja bokosi, kumanzere mtsuko. Akapita ku Mbenji ndinkaikankhira kumanzere. Akabwera ankaibwezera kumanja asanavule n'komwe nsapato. Masiku okhala ndekha sanachepe, koma anasintha. Ndikamasinja kapena kuchapa ndinkakonza zoti ndidzawayankhe. Iwonso zinkaoneka kuti kuchilumbako ankachita zomwezo, chifukwa ankatsika boti ali ndi mfundo yatsopano, nthawi zina n'kuiyamba tikadali panjira yochokera kudoko. Mbale ndinkazisamala ngati mazira. Mchenga wa kunyanja umalowa paliponse, ngakhale m'mano, ndiye iliyonse ndinkaipukuta ndi kansalu konyowa ndisanaiike, ndipo ndinkazisunga pansi pa bedi pozizira, kuopa kuti kutentha kwa malata kungazipinde. Mayi wowamba nsomba uja anayamba kubwera masana akapeza mpata, fungo la utsi lili thoo m'zovala, n'kumapempha rumba. Ankavina atakhala, mapewa okha.

Chaka china, m'kati mwa Okutobala kutatentha kwambiri, ndinayamba kumva kuti nyimbo zikutsika. Makwaya ankaimba ngati anthu ochokera kumunda. Nditawauza amuna anga, anayeza batire, linali lodzaza. Anatsegula kumbuyo kwa gumbagumba n'kugunditsa mawaya a mita apa ndi apo.

"Mita ikuti zonse zili bwino. Mwina otopa ndinu, mayi."

Ndinaumirira, iwonso anaumirira. Lamulungu lotsatira kutchalitchi tinaimba nyimbo imene inalinso m'mbale ina kwathu, ndipo wotsogolera kwaya anatipatsa liwu loyambira ndi kachitoliro kake. Liwu limenelo ndinalisunga pakhosi njira yonse, ndikung'ung'udza, anthu akundipatsa moni ine n'kumangoweramitsa mutu. Nditafika ndinaika mbale ija n'kuimba liwu langa pambali pake. Ngakhale amuna anga anamva kuti awiriwa sakugwirizana. Ananyamula chitsulo chimene mbale imakhalapo, n'kupeza kuti lamba wochizunguza watanuka ndi kutentha, akuterereka. Anadula wina kuchokera ku chubu cha njinga.

"Ndiye khutu labodza lija lagwira wakuba," ndinatero.

"Liwiro la mbale limayezeka. Ine ndinangoyeza malo olakwika."

"Nanga anakuuzani kuti muyang'anenso ndi ndani?"

Anangopitiriza kumanga lamba uja. Koma tsiku limenelo swichi anaisiya kumanzere, ndipo ine ndinachita ngati sindinaone.

Chifuwa chinayamba ngati chimfine cha mphepo ya panyanja. Anakhosomola mwezi, kenaka miyezi, malaya n'kuyamba kuwakulira. Kuchipatala anati ndi chifuwa chachikulu, ndipo anawagoneka nthawi yaitali, jakisoni tsiku ndi tsiku. Adokotala anatichenjeza poyera kuti mankhwalawo ndi amphamvu, ena amawawononga makutu, koma panalibe kuchitira mwina. Makutu awo anali atavutika kale ndi mainjini a maboti. Ine ndinkagona pakhonde pamodzi ndi amayi ena odwazika matenda, kuphika pa mafuwa kuseri kwa chipatala. Poyamba ankati m'makutu mwalowa nkhululu zimene sizikusiya kulira. Kenaka anayamba kundiuza kuti ndibwereze zimene ndanena. Kenaka anasiya kundiuza kuti ndibwereze, n'kumangovomera chilichonse. Tsiku lotuluka, galimoto inaliza hutala kumbuyo kwathu. Ine ndinadumphira kumbali, iwo anangoyendabe pakati pa msewu mpaka ndinawakoka dzanja.

Chifuwa chinapola, makutu sanabwerere. Ankamva pokhapokha munthu akakuwa pafupi ndi khutu lakumanzere. Mawailesi a mauthenga sakanawathanso, ndiye anawasamutsira kosungira zipangizo, kenaka anawapumitsa ntchito. Nyumba ya boma tinatulukamo, n'kulowa m'kanyumba kena kuseri kwa anansi athu aja. Ine ndinayamba kupikula mpunga ku Chinguluwe n'kumagulitsa kudoko, ndipo malo okhalapo anandipezera mayi wowamba nsomba uja, pambali pake. Amuna anga ankatsala pakhomo. Anthu ankawakuwira ngati akuyankhula ndi mwana, ena n'kumafunsa ine za iwo, eni ake ali pomwepo. Pang'ono ndi pang'ono anasiya kutuluka, ngakhale kutchalitchi.

Gumbagumba inakhala yovundikira nthawi yaitali. Sindikanatha kuiliza pamaso pawo, zikanakhala ngati kudya pamaso pa munthu wanjala. Ndiye masana ena ndikuchokera kudoko, dengu lili pamutu, ndinamva rumba ndikadali panjira, yokweza moti nkhuku za anansi zinathawira kutchire. Nditalowa ndinawapeza atakhala pa kampando, mita ili pamaondo, mawaya ake atawalumikiza ku mawaya a sipika. Kamuvi kankalumphalumpha motsatira nyimbo.

"Iyi ndi ija ya magitala awiri," anatero mokweza, monga amayankhulira anthu osamva. "Ndaizindikira ndi kavinidwe ka kamuvi. Ikumveka bwanji?"

Ndinatsitsa phokoso, n'kuwerama pa khutu lakumanzere. "Ikumveka bwino."

"Bwino ndiye kuti chiyani? Fotokozani."

Kuyambira pamenepo inakhala ntchito yanga. Ndikabwera kumsika ankaika mbale, iwo maso pa kamuvi, ine n'kumafotokoza. Besi ikuyenda ngati ng'ombe yokhuta. Mawu a amayi akuthetheka m'mwamba, mwina singano yakalamba. Kumbuyoku kukumveka kanthu konong'ona. Ankamvetsera mwachidwi, kenaka n'kutenga zitsulo zawo, kusintha singano, kumanga waya womasuka, n'kundifunsanso. Munthu uja ankati khutu ndi labodza anatsala ndi khutu limodzi lodalirika, ndipo linali langa. Iwo ankadziwa, ine ndinkadziwa, koma palibe anazitchula.

Tsiku lina anakankhira swichi kumanzere n'kuika chikhatho pamimba pa mtsuko.

"Mukuona?" anatero. "Ukunjenjemera wonse. Ndinkanena zomwezi."

Dzanjalo sanalichotse mpaka nyimbo inatha.

Koma mkangano weniweni uja unafa. Kutsutsana ukukuwa m'khutu la munthu kumamveka ngati ndewu, moti anthu odutsa ankaima panjira. Tinayesa sileti ndi choko, koma pomaliza kulemba yankho moto wake unkakhala utazima. Nthabwala yolemba pa sileti sikoma. Tsiku lina ndinalemba kuti pa makwaya bokosi limaposa mtsuko. Sindinkanama, ndinadziwa zimenezi kuyambira Lamulungu la chitenje lija. Anawerenga, nkhope n'kugwa.

"Musandimvere chisoni, mayi," anatero. "Tsutsani."

Ndinafufuta ndi chikhatho, n'kulemba kuti bokosi lawo ndi louma ngati kale. Anamwetulira pang'ono, koma tonse tinadziwa kuti tikungosewera. Ndikamakumbukira kusungulumwa kwa kunyanja, si masiku a ku Mbenji aja amene amayamba kubwera m'mutu. Amene amabwera ndi masana amenewa, anthu awiri pabalaza limodzi, nyimbo ikulira, wina akumva, wina akuyang'ana kamuvi.

Chifuwa chinabwereranso m'zaka za m'ma 1980, ndipo ulendo uno sichinawasiye. Tinakawaika kwawo ku Dedza. Abale awo anabwera kudzagawana katundu monga zinkakhalira masiku amenewo. Mita inapita kwa mphwawo wina amene ankaphunzira zamagetsi. Gumbagumba, mbale ndi bokosi anatenga mng'ono wawo. Sindinalimbane nawo. Ndinangowauza kuti singano azisintha, mbale asamazisiye padzuwa, ndipo asamakweze mpaka kumapeto. Anati, "Chabwino, alamu," maso ali pa chingwe chimene ankamangira katunduyo. Mtsuko sanautenge, ankauyesa wotungira madzi. Unadzasweka mvula ina, khoma la khitchini litaugwera.

Ine ndinatsala kunyanja. Kwathu makolo anali atatha, minda abale atagawana, pamene kudoko ndinali ndi malo anga ogulitsira mpunga ndi mnzanga wondisungira malowo ndikadwala. Wailesi yaing'ono ndinagula, ya mabatire, yomvera mauthenga a maliro ndi za nyengo. Nyimbo zikayamba nthawi zambiri ndinkazimitsa.

Patapita zaka zingapo anandiitana ku Dedza ku ukwati wa mwana wa alamu anga aja. Nditatsika basi ndinaimva gumbagumba ndikadali patali. Bokosi la mlombwa lija anali atalipachika ndi chingwe pa mtengo wa pichesi, atakweza mpaka kumapeto. Pepala la sipika linali litang'ambika, moti besi ikamenya inkachita phwerr ngati nsalu yakutha, ndipo singano inali itatha kalekale. Anthu ankavina fumbi lili koboo, osangalala, palibe ankaona vuto. Ndinatembenuka kuti ndiwauze amuna anga, monga ndinazolowera. Pambali panga panali mayi wina wosamudziwa, mwana ali kumsana, amene anandimwetulira n'kundifunsa ngati ndili wa kuchimuna kapena wa kuchikazi. Ndinati wa kuchimuna.

Ndinapita kuseri kwa nyumba kukathandiza kutsuka ziwiya, ndipo ndinakhala komweko mpaka alendo anabalalika. M'mawa mwake ndinakwera basi yoyamba yobwerera ku Salima, chifukwa mpunga ndinali nditamusiyira mnzanga uja, ndipo linali tsiku la msika.